Amayi ali ndi dementia, agogo analinso nayo, kodi nanenso ndili pa mzere?

Imelo iyi yakhala mu foni mwanga sabata yathunthu, ndimangoitsegula n'kuitsekanso. Mayi amene analemba anapempha kuti dzina ndisatchule, nde ndingoti ndi mayi a zaka 46. Ndaifupikitsa koma mawu ndi awo:

"Amayi anga ali ndi zaka 79 ndipo adokotala akuti ali ndi dementia. Amafunsa funso limodzi kasanu pa ola, tsiku lina ananditchula dzina la mng'ono wawo amene anamwalira kalekale. Agogo anga, mayi awo, nawonso anayamba kuiwala chonchi atakalamba kwambiri. Ine masiku ano ndimatha kulowa kuchipinda n'kuiwala chomwe ndadzera. Ndinawerenga kuti mayunivesite apeza majini a matendawa ndipo munthu atha kuyezetsa malovu n'kudziwiratu. Kodi ndi zakumtundu? Ndiyezetse?"

Pepani kwambiri mayi ndi zimene mukudutsamo, kuitanidwa dzina la munthu wina ndi amene anakuberekani si chinthu chopepuka ayi. Ine si dokotala, ndine munthu wokonda kuwerenga za kafukufuku ameneyu basi, nde zanga muzitenge ngati poyambira pokacheza ndi adokotala. Komanso ndisanaiwale, majini amene tikambe pano ndi aja a mu DNA, malangizo amene timalandira theka kwa mayi theka kwa bambo, osati majini a mizimu aja. Ndanena dala chifukwa mawuwa amasokoneza anthu ambiri.

Mu imelo yanu yonse chimene ndinathamangira kuona si chiwerengero cha odwala m'banja mwanu koma zaka zimene anayambira. Amayi ali cha m'ma 70 kumapeto, agogo atakalamba kwambiri. Pamenepo mpamene pagona nkhani, chifukwa majini a dementia alipo amitundu iwiri ndipo anthu amawaphatikiza ngati chinthu chimodzi. Alipo majini ochepa kwambiri amene akakhala olakwika amachita kulamula, ndiye pali ena ambirimbiri amene amangokankha pang'ono.

Tiyambe ndi olamulawo. Dementia palokha si nthenda imodzi, ndi dzina la gulu, ndipo nthenda ya Alzheimer ndi imene imatenga gawo lalikulu, a WHO amati pakati pa 60 ndi 70 peresenti ya odwala onse. Dzinalo ndi la Alois Alzheimer, dokotala wa ku Germany amene mu 1901 ku Frankfurt anakumana ndi mayi wa zaka 51, Auguste Deter, amene ankalephera ngakhale kumaliza kulemba dzina lake lomwe. Atamwalira mayiyo mu 1906, dokotalayo anaunika ubongo wake n'kupeza zinthu ziwiri zimene mpaka lero asayansi akulimbana nazo: timibulu ta puloteni tounjikana pakati pa maselo, lero amati amyloid, ndi tiulusi topiringizana m'kati mwa maselo, ta puloteni yotchedwa tau. Panadutsa zaka 85 kuti jini loyamba lipezeke. Mu 1991 gulu la John Hardy ndi Alison Goate ku London linapeza cholakwika mu jini lotchedwa APP, pa kromozomu 21 (makromozomu ndi timitolo timene DNA yathu imasungidwamo, tili ndi manambala), m'banja lina limene anthu ake ankadwala asanakalambe. Mu 1995 anapezanso ena awiri, PSEN1 pa kromozomu 14 ndi PSEN2 pa kromozomu 1. Onse atatu ntchito yawo ikukhudza amyloid yomweyo. APP ndi puloteni yaikulu imene amyloid amadulidwako, ma PSEN awiriwo ali mbali ya lumo lodulira. Lumo likamadula molakwika, zidutswa zomata zimachuluka. Nchifukwa chakenso anthu obadwa ndi Down syndrome, amene ali ndi makromozomu 21 atatu m'malo mwa awiri, ambiri amadwala Alzheimer msanga, APP ali nayo yochuluka chibadwire.

Kholo likakhala ndi jini lolakwika la mtundu uwu, mwana aliyense ali pa theka-theka kulitenga, ndipo amene walitenga pafupifupi onse amadwala, kawirikawiri ali m'zaka za m'ma 30, 40 kapena 50. Zoopsa zedi. Koma mabanja otere safika ngakhale 1 peresenti ya odwala Alzheimer onse, ndipo saphonyeka, mumaona mzere weniweni, agogo, bambo, azakhali, onse kudwala asanafike 60. Banja lodziwika kwambiri lili ku Colombia, chigawo cha Antioquia, anthu pafupifupi 6,000 a mtundu umodzi, amene malemu Francisco Lopera wa University of Antioquia anawatsatira kwa zaka pafupifupi 40 akuyenda m'midzi ya m'mapiri, kufufuza m'mabuku a ubatizo kuti alumikize ndani anabala ndani. Kumeneko amene ali ndi PSEN1 yolakwika amayamba kusokonezeka cha pa zaka 44, pofika 49 ndi dementia yeniyeni.

Zimene mwafotokoza za kwanu sizikufanana ndi zimenezi mayi. Zanu zikuoneka ngati za gulu lachiwiri lija, dementia yobwera ndi ukalamba, imene ili paliponse.

M'gulu lachiwirili jini lotchuka ndi APOE, pa kromozomu 19, ndipo ndi limene makampani oyeza malovu aja amayang'ana. Aliyense ali nalo, ntchito yake ndi kunyamula mafuta ngati kolesitolo m'magazi ndi mu ubongo. Lili ndi mitundu itatu, e2, e3 ndi e4, ndipo mumalandira umodzi kwa mayi wina kwa bambo. Ambiri ali ndi e3. Mu 1993 gulu la Allen Roses ku Duke University linaonetsa kuti e4 imakweza chiopsezo cha Alzheimer. Kwa azungu e4 imodzi imakweza pafupifupi katatu, ziwiri zimakweza kakhumi kapena kuposerapo, pamene e2 imateteza pang'ono. Munthu mmodzi mwa 4 aliwonse ali ndi e4 imodzi, nde tangoganizani kuchuluka kwa anthu amene akuyenda nayo osadziwa ndipo ambiri adzafa ndi zina, mutu uli bwinobwino. Kwinaku odwala Alzheimer ambirimbiri alibe e4 olo imodzi. Okhala ndi ziwiri ndi ochepa, 2 kapena 3 pa 100 aliwonse, ndipo kwa iwowo nkhani ndi yolemerapo ndithu, kafukufuku wa ku Barcelona wa 2024 anaonetsa kuti pofika zaka 65 pafupifupi onse amakhala ndi zizindikiro za amyloid m'thupi, ngakhale si onse amene amakhala ayamba kuiwala.

Tsopano apa pali chinthu chimene makampani aja sakonda kulemba ndi zilembo zikuluzikulu. Manambala amenewa anachokera kwa anthu a makolo a ku Ulaya. Kuyambira 1992, Indiana University ndi University of Ibadan anachita kafukufuku wautali woyerekeza nkhalamba zachiyoruba za ku Ibadan, Nigeria, ndi nkhalamba zakuda za ku Indianapolis ku America, akuziyeza mofanana ndendende. Otsogolera anali Hugh Hendrie ndi anzake monga Adesola Ogunniyi. Anapeza kuti ku Ibadan odwala Alzheimer atsopano chaka chilichonse anali ochepa kwambiri, osafika theka la a ku Indianapolis, komanso e4 inalibe mphamvu yofanana ndi imene imaoneka kwa azungu, chonsecho e4 imapezeka kwambiri mwa anthu a ku Africa. Jini lomwelo, mphamvu yosiyana. Mwina ndi majini oyandikana nalo, mwina ndi BP ndi shuga ndi kolesitolo zimene zinali zokwera ku America, ofufuza amaloza mbali zonse ziwiri. Mu 2013 ofufuza a ku Columbia University anapezanso kuti mwa anthu akuda a ku America jini lina, ABCA7, lili ndi mphamvu kuposa mmene limaonekera kwa azungu. Nde ngati makolo anu si a ku Ulaya, peresenti imene ingatuluke pa lipoti la malovu ija inawerengeredwa pa anthu ena, osati inu. Ichi chimandinyasa ine moona mtima, chifukwa a WHO omwewo amati mwa anthu oposa 55 miliyoni amene ali ndi dementia padziko, oposa 60 peresenti ali m'mayiko osauka ndi apakatikati, koma DNA imene ili m'makompyuta a ofufuza yambiri ndi ya ku Ulaya ndi America.

APOE si yokha. Mu 2022 kafukufuku wamkulu wa mayunivesite ambiri a ku Ulaya, woyerekeza DNA ya odwala oposa 100,000 ndi anthu ena oposa 600,000 osadwala, anatchula malo 75 mu DNA okhudzana ndi Alzheimer, 42 mwa iwo atsopano. Lililonse palokha mphamvu yake ndi kadontho chabe. Chosangalatsa n'choti ambiri mwa majiniwa sakhudza amyloid mwachindunji koma chitetezo cha mu ubongo, timaselo totchedwa microglia timene ntchito yake ndi kusesa zinyalala. TREM2, limene linapezeka mu 2013, ndi limodzi mwa amenewo.

Mwina munaonanso nambala yoti Alzheimer ndi yotengera mpaka 79 peresenti. Inachokera ku kafukufuku wa mapasa a ku Sweden wa 2006, amene anapeza pakati pa 58 ndi 79. Chonde musaiwerenge ngati kuti inuyo muli ndi 79 peresenti yodwala ayi. Ikunena za gulu lonse la anthu, kuti kusiyana kwa amene adwala ndi amene sadwala, gawo lalikulu lotere likufotokozeka ndi majini. Mu kafukufuku yemweyo munali mapasa ofanana DNA yonse amene mmodzi anadwala mnzake ayi, kapena anadwala motalikirana zaka zambiri. Kukhala ndi kholo lodwala kumakweza chiopsezo chanu, ndisakunamizeni, koma chimene chimakweza kwambiri kuposa zonse ndi zaka, munthu akapitirira 65 chiopsezo chimawirikiza kawiri pa zaka 5 zilizonse. Banja limene anthu ake amafika 80 ndi 90 lidzaona dementia basi, olo majini ake atakhala wamba.

Ndibwere ku nkhani yolowa kuchipinda n'kuiwala ija, chifukwa ndikudziwa ndi imene ikukusowetsani tulo. Nanenso zimandichitikira, kuima pakati pa chipinda ngati mlendo, kubwerera komwe ndachokera kenako n'kukumbukira kuti ndimafuna chaja. Gabriel Radvansky wa University of Notre Dame anachita kuyesa zimenezi mu 2011, pa ana a sukulu a ku yunivesite, anyamata ndi atsikana a mitu yakuthwa, ndipo anapeza kuti kungodutsa pakhomo kumapangitsa munthu kuiwala chomwe anali nacho m'mutu, ubongo umakhala ngati watseka tsamba n'kutsegula lina. Onjezanipo kutopa kosamalira wodwala, kusagona, nkhawa, komanso pa zaka zanuzo amayi ambiri akamayandikira kusiya kusamba amadandaula kuti mutu ukuchita chifunga. Kukalamba kwa ubongo kwa masiku onse kumachepetsa liwiro, dzina la munthu limabwera mochedwa, koma mawu ndi nzeru zimene munasonkhanitsa zimakhalapobe. Chodetsa nkhawa ndi china: kusochera pa njira yoidziwa bwino, kulephera ntchito imene mwakhala mukuichita zaka zonse, kufunsa funso lomwelo osakumbukira kuti mwafunsa kale, komanso achibale kuyamba kuona iwo inu musakuona. Kuiwala komwe mwaika kiyi ndi china, kugwira kiyi m'manja osadziwa ntchito yake ndi chinanso.

Pa za kukalamba kwa ubongo pali kafukufuku amene ndimamukonda kuposa onse, ndiloleni ndichedwepo pang'ono. Pa 1 June 1932, dziko la Scotland linalembetsa mayeso amodzi a nzeru pafupifupi ana onse obadwa mu 1921, ana 87,498 tsiku limodzi, ali ndi zaka 11. Anabwerezanso mu 1947 ndi ana 70,805 obadwa mu 1936. Mabuku a zotsatira anangosungidwa n'kuiwalika, mpaka cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 pamene Ian Deary wa University of Edinburgh ndi Lawrence Whalley wa ku Aberdeen anawapeza. Nde anachita chinthu chokoma kwabasi, anaitana ana aja, tsopano ndi agogo a zaka 77, pa 1 June 1998 mu holo ina ku Aberdeen kudzalemba pepala lomwe lija, mafunso omwewo, patadutsa zaka 66 ndendende. Ine ndikaganiza za agogo amenewo, magalasi pamphuno, pensulo m'manja, akuyankha funso limene analiona ali ndi zaka 11, ndimangomwetulira ndekha. Zotsatira zinaonetsa kuti gawo lalikulu, pafupifupi theka, la kusiyana kwa nzeru pa ukalamba linalipo kale pa ubwana. Theka linalo ndi limene moyo unasintha. Anapezanso kuti e4 inalibe chochita ndi mmene mwana anakhozera pa zaka 11 koma mphamvu yake inaoneka atafika cha pa zaka 80. Ndipo mu 2012 gulu lomweli linawerengera kuti majini akufotokoza pafupifupi kota chabe ya mmene nzeru za munthu zimasinthira kuchoka pa ubwana kufika pa ukalamba. Kota. Zina zonse zikuchokera kwina.

Palinso masisitere 678 a ku America amene David Snowdon anayamba kuwatsatira mu 1986, ndipo anavomera kupereka ubongo wawo akamwalira. Ena mwa iwo ubongo unapezeka wodzaza timibulu ndi tiulusi tija, koma mpaka imfa ankakhoza mayeso bwinobwino. Amene anali ndi timasitiroko ting'onoting'ono pamwamba pa timibuluto ndi amene ankadwala kwambiri. Mitsempha ya magazi imeneyo, BP imeneyo.

Ngakhale ku Colombia kuja, kumene jini limachita kulamula, kunapezeka mayi mmodzi amene anali ndi PSEN1 yolakwika koma anafika zaka za m'ma 70 asanayambe kusokonezeka, zaka pafupifupi 30 kupitirira abale ake. Lipoti lake linatuluka mu 2019. Ubongo wake unali ndi amyloid yochuluka zedi koma tau yochepa, ndipo anapeza kuti anali ndi mtundu wosowa wa APOE wotchedwa Christchurch, kuchokera kwa makolo onse awiri. Ku Iceland nako mu 2012 anapeza kusintha kwina mu APP yemweyo kumene kumateteza m'malo mowononga. Apa mpamene ndimaonera phindu lenileni la kafukufuku wa majini, akuwaonetsa asayansi pomwe angalunjike mankhwala. Kulosera za munthu mmodzi payekha, pamenepo akadali ofooka.

Nde muyezetse kapena ayi? Maganizo anga, pa mbiri ya banja imene mwandiuzayi, ine sindikanayezetsa. Taganizani mapeto ake onse awiri. Akuuzani kuti mulibe e4, simunapulumuke, muthabe kudwala. Akuuzani kuti muli nayo imodzi, simunaweruzidwe, koma kuyambira tsiku limenelo kiyi aliyense wosowa adzakhala umboni. Ndipo palibe mankhwala amene dokotala angakupatseni lero, muli bwinobwino, chifukwa cha e4. Malangizo amene angakupatseni ndi omwewo amene angapatse munthu wopanda e4. Kunena chilungamo, kafukufuku wa REVEAL ku America, wa 2009, anapeza kuti ana a odwala amene anauzidwa zotsatira za APOE sanasweke mtima monga ankaopera, koma anthu amenewo anali osankhidwa, analandira uphungu asanayezedwe ndi pambuyo pake, sanangolandira imelo pakati pa usiku ali okha. Kumbukiraninso kuti zotsatira zanu zimaulula za ana anu ndi abale anu amene sanapemphe kudziwa.

Pali pawiri pomwe kuyeza kuli ndi nzeru. Poyamba ndi banja limene anthu angapo anadwala asanafike 60 kapena 65, kapena kumene dementia imayamba ndi kusintha khalidwe ndi kulankhula munthu akadali wamphamvu, chifukwa mtundu umenewo, wa frontotemporal, umayenda kwambiri m'mabanja ndipo uli ndi majini akeake. Pamenepo mumadzera kwa dokotala ndi mlangizi wa za majini, ndipo amayamba kuyeza wodwalayo, osati inu. Pachiwiri ndi wodwala amene akuganiziridwa mankhwala atsopano ochotsa amyloid, lecanemab amene anavomerezedwa ku America mu 2023 ndi donanemab mu 2024. Sachiza, lecanemab anachedwetsa kutsika ndi 27 peresenti pa miyezi 18, ndipo amatha kutupitsa ubongo kapena kuchititsa timagazi kutuluka, makamaka kwa okhala ndi e4 ziwiri, nchifukwa chake amayeza kaye.

Chimene ndikanachita ine ndi mphamvu zimenezo ndi ichi. Gulu la akatswiri la Lancet, magazini ya zachipatala, lotsogoleredwa ndi Gill Livingston wa University College London linanena mu 2024 kuti pafupifupi 45 peresenti ya dementia padziko ikukhudzana ndi zinthu 14 zotheka kusintha. Zina ndi zodziwika, BP, shuga, fodya, mowa wambiri, kunenepa kwambiri, kusachita mafizo, kolesitolo yoipa. Zina anthu amadabwa nazo, kusamva bwino, maso osaona osathandizidwa, kuvulala mutu, kukhala wekhawekha, matenda a kukhumudwa, mpweya woipa, sukulu yochepa. Zambiri mwa izi zimagwira ntchito pa zaka zapakati, zanu zomwezi. Ndipo ofufuza a University of Exeter mu 2019 anayang'ana anthu pafupifupi 196,000 a mu UK Biobank, nkhokwe ya DNA ndi mbiri ya umoyo wa anthu a ku Britain, n'kupeza kuti pakati pa amene majini awo anali oipa, odzisamalira anadwala mochepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu poyerekeza ndi osadzisamalira. Si chitsimikizo ayi, alipo anthu odzisamalira kwambiri amene amadwalabe ndipo si kulakwa kwawo, amayi anunso sanalakwe kanthu. Koma makina oyezera BP akuuzani chinthu chimene mungachitepo kanthu mawa lomwe, malovu aja ayi.

Za amayi, ngati sanachite kale, funsani adokotala ngati anayeza zinthu zina zimene zimatha kunamizira dementia kapena kuikulitsa, kuchepa kwa vitamini B12, chithokomiro, matenda a kukhumudwa, mankhwala ena amene akumwa makamaka ogonetsa, komanso makutu ndi maso. Funsaninso kuti ndi dementia ya mtundu wanji, chifukwa ngati ndi ya mitsempha ya magazi nde chimene chikuyenda m'banja mwanu chitha kukhala BP osati APOE. Ndipo akadalipo akuluakulu amene akukumbukira, khalani nawo pansi mulembe papepala ndani anadwala, mbali ya mayi ndi ya bambo yomwe, anayamba ali ndi zaka zingati, chinayamba ndi kuiwala kapena khalidwe, analipo ndi sitiroko kapena ayi. Pepala limenelo mupite nalo tsiku lokayezetsa BP yanu, ndipo ngati mutapezamo wina amene anayamba asanafike 60, ndilembereninso.